Akhonsolo Andilanda Masitepe

Pa benchi yanga yonolera,
Kumtunda kwa msika,
Lachitatu, 17 Sepitembala.

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi adzukulu onse. Ine thupi lilibe vuto, chakudya chikulowa, koma pali nkhani imene ikundisowetsa mtendere. Mundikhululukire zilembo zokhotakhota. Mukudziwa kuti sukulu ndinalekera sitandade folo, ndipo dzanja lozolowera mwala wonolera silimvana ndi cholembera. Ndiyambe ndi pempho, ndisalibise kumapeto. Ngati kachipinda kanu kakuseri kaja kalibe munthu, mundisungire. Ndikuganiza zobwera kudzakhala kwanu, ndekha. Musadzidzimuke. Alamu anu ali moyo, ali bwino, ndinganene kuti ali bwino kuposa kale lonse. Werengani kaye, mudzaweruze nokha.

Msika wathu wakale uja simungauzindikire. Akhonsolo anaugwira chaka chatha. Nyumba zakale za zipilala ndi makhonde zija sanazikhudze, akuti n'za mbiri, koma pansi ponse anapatembenuza. Ngalande zimene tinkadumpha tili ana azivindikira. Miyala yoterera ya mumsewu wa osoka anaizula n'kuiyalanso bwinobwino, phazi silikodwa. Pakati pa njira adutsitsa mzere wa matailosi achikasu okhala ndi timatuza, kuti anthu osaona azitsata ndi ndodo. Polowera kanjira kopanikiza kaja azika zitsulo zofika m'chiuno, galimoto silowanso. Malole amatsitsira katundu kunja, ngolo zamanja n'kumalowetsa. Zimenezo ine sindinatsutse. Ndikanatsutsa bwanji, pomwe ndi m'kanjira komweko mmene lole yobwerera m'mbuyo inapanikizira alamu anu kukhoma, miyendo n'kufa mpaka lero? Zitsulozo zikanazikidwa zaka 23 zapitazo, bwenzi ndikulemba kalata ina.

Mlandu wanga ndi masitepe.

Mukuwakumbukira, ochokera kumunsi kwa msika kukwera kuno kumtunda kwa osoka ndi onola. Alipo 27. Bambo athu ananyamulapo matumba moyo wawo wonse, mpaka miyala inakumbika pakati ngati mbale. Ine ndinaberekapo alamu anu. Chitulukireni m'chipatala, anati sakhala pakhomo kudikira imfa, makina awo osokera ndi opukusa ndi dzanja, manja ali nawo. Ndiye m'mawa uliwonse ndinkawakankha pa chikuku kuchokera kunyumba mpaka patsinde pa masitepe. Pamenepo ndinkagwada, iwo n'kundikolowekera manja m'khosi, ine n'kudzuka nawo. Pa sitepe ya 14, yotakata ija, tinkapumira. Tikafika pamwamba ndinkawakhazika pa chiguduli, n'kutsikanso kukatenga chikuku. Madzulo chimodzimodzi, chotsika. Mvula, dzuwa, malungo, sindinatumepo munthu wina. Msika wonse unaiwala dzina langa, unkangonditcha a Msana. Amayi ankaloza ine pokalipira amuna awo. Ndisaname, achemwali, ndinkamva kukoma.

Tsiku lina kunabwera injiniya wa khonsolo, mayi wachitsikana wa chipewa cholimba, ali ndi chingwe choyezera. Anati adula theka la masitepe m'litali mwake, pamalopo amange njira yotsetsereka yokhota katatu, yoti chikuku, ngolo ndi nkhalamba za ndodo zizikwera popanda kunyamulidwa. Magazi anandithamanga. Miyala imene inamwa thukuta la bambo athu, aiphwanye ndi chigayo cha simenti? A Chikwanje, ogulitsa nyama aja, nawo anapsa mtima chifukwa njirayo inkadya khonde la butchala yawo. Tinagwirizana zolemba chikalata chokana. Ndinayenda nacho ine benchi ndi benchi, odziwa kulemba ankasaina, ena ankadinda chala. Tinapeza mayina 212. Dzina la alamu anu ndinalemba ndekha, lachiwiri pansi pa langa, monga ndimawalembera kuchipatala ndi kwina konse. Sindinawafunse. Munthu amene umamubereka tsiku ndi tsiku, mtima wake ukugunda pamsana pako, ungamufunsenso chiyani? Ndinkati maganizo athu ndi amodzi.

Msonkhano unachitikira m'shedi ya ogulitsa masamba, kumunsi. Ndinavala jekete. Ndinawatsitsa alamu anu n'kuwaika kutsogolo kuti aliyense awaone, chifukwa iwo ndiwo anali umboni wanga. A tcheyamani a msika atandipatsa mpata ndinalankhula bwino, anthu anaomba m'manja. Ndinamaliza ndi mawu awa: "Mukuti mukumangira olumala. Wolumala wa kumtunda uko ndi mmodzi, ndi uyu, mkazi wanga. Zaka 23 akukwera masitepe amenewa, sanadandaulepo ndi tsiku limodzi lomwe. Njira yake ndine."

A Chikwanje anakuwa kuti, "Auzeni a Msana! Simenti imang'aluka, msana uwu sung'aluka!"

Injiniya uja anadikira phokoso lithe. Anatenga chikalata chathu, n'kutulutsanso mapepala ena m'chikwama, omangidwa ndi kalabala.

"Bambo, chikalata chanu ndachilandira," anatero. "Koma pali dzina limodzi likundizunguza. Lili pano pa okana. Lilinso pa makalata awa asanu ndi anayi, amene akhala akubwera ku ofesi kwathu zaka zisanu ndi chimodzi, opempha njira yomweyi. Kunena zoona, njirayi sinali m'mapulani athu oyamba. Tinaiika chifukwa cha makalatawa. Ndiye ndimati mwini dzina atiuze yekha mbali imene ali."

Ine ndinaseka, achemwali. Ndinayang'ana uku ndi uku kuti ndione kazitape amene watipereka. Ndiye ndinamva mawu kuchokera pafupi ndi chigongono changa.

"Makalatawo ndi anga."

Anali alamu anu. Ndinawerama n'kunong'oneza kuti, "Mayi, mwatani?" Sanandiyang'ane. Anapukusa mateyala a chikuku, n'kutembenukira kwa anthu.

"Ine masitepe amenewo sindinakwerepo," anatero. "Amakwera ndi bambowa. Ine ndimangolendewera. Ndipo ndikuthokoza, Mulungu ndi mboni, palibe mwamuna wina akanachita zimene achita awa. Koma ndifunse amayi anzanga. Chimbudzi cha msika uno chili kuti?"

"Kumunsi kuno," anayankha amayi angapo.

"Ine ndimasokera kuti?"

"Kumtunda."

"Ndiye mukamandiitanira tiyi ine n'kukana, mumati n'chifukwa chiyani? Mumati ndine wonyada, ndinkamva. Ine ndimamwa madzi komaliza usiku, kenako mpaka madzulo a tsiku linalo. Mwezi wa dzuwa lilime limachita kukakamira kukamwa, ndimanyowetsa ulusi ndi mpweya. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nanga ine ndikamva m'mimba ndizitsekula chiti? Ndiziitana munthu wamkulu asiye makasitomala, andibereke masitepe 27 msika wonse ukuona, aliyense akudziwa kumene ndikupita? Ndinayesa chaka choyamba. Anyamata a ngolo ankaimba mluzu. Ndinaleka."



Achemwali, ine ndinkanyadira nkhani ya tiyi imeneyo. Ndinkauza anthu kuti akazi anga ndi mwala, samva ludzu. Katatu konse anagonekedwa m'chipatala ndi nthenda ya chikhodzodzo, ulendo womaliza inafika ku impso, munatumiza mankhwala inu nomwe. Dokotala anati azimwa madzi ambiri. Ine ndinagula botolo lalikulu, ndinkalidzaza m'mawa uliwonse, madzulo linkabwerera lodzaza, ine n'kumawanena kuti ndi amakani. Botolo ndinkalinyamula ndekha, pa masitepe omwewo, kukwera nalo n'kutsika nalo, mutu wanga osagwira kanthu.

Woyamba kulankhula anali a Chikwanje. Anavula chipewa n'kunena kuti, "Amayi a injiniya, dzina langa mufufute. Khonde lidyedwe, nyama sikhala pakhonde." Kenako anthu anayamba kudzuka mmodzimmodzi kukafufutitsa mayina awo, mayina amene ndinayendera masabata atatu. Mayi wina wogulitsa mazira, amene kale ankandiloza pokalipira mwamuna wake, anandigwira jekete n'kundifunsa motsitsa mawu, "Koma a Msana, inu simunkadziwa?" Bola akanangonditukwana.

Msonkhano utatha panalibe kothawira. Makina awo anali kumtunda, mwala wanga unali kumtunda. Ndinagwada patsinde pa masitepe monga mwa masiku onse, iwo n'kukoloweka manja. Anthu ankayang'ana kumbali. Tinakwera mpaka pa sitepe yotakata ija, pamene ndinalephera kupirira.

"Mwandivula pagulu," ndinatero.

"Munandiika kutsogolo ndinu."

"Zaka zisanu ndi chimodzi mukulemba makalata m'nyumba mwanga, ine osadziwa? Ankapititsa ndani?"

"Kalaliki wina wa kukhonsolo amasoketsa masiketi kwa ine. Ndinkaika m'thumba la siketi."

"Bwanji osandiuza ine?"

"Ndinakuuzani, bambo, pamene ndinatuluka m'chipatala kachiwiri. Ndinati pakanakhala njira yoti ndizitsika ndekha. Munayankha kuti, ndakulakwirani chiyani, msana wanga wakutoperani? Munakhala masiku atatu osadya bwino. Munthu wakubereka sumuuza kuti akukupweteka nthiti."

Ndinati tiyeni, n'kudzuka. Tili pakati pa masitepe otsalawo analankhulanso, pakamwa pawo pali pakhutu panga.

"Bondo lanu lakumanzere likunjenjemera chiyambire chaka chatha. Mumabisira anthu, koma ine ndimalimva m'mano. Tsiku limene lidzagonje tidzagubuduzika tonse awiri, ndipo wodzuka sadzakhalapo."

Za bondolo n'zoona, koma sindinauzepo munthu, ngakhale inu.

Anamanga miyezi isanu. Chigayo chinkalira kuyambira m'mawa, fumbi linkalowa m'makina ndi m'tsitsi. Ndinaona ndi maso anga akuswa theka la sitepe yotakata ija, mwala unang'ambika ngati buledi. Mbali yotsala ndinapitiriza kuwaberekerapo, m'mawa ndi madzulo, koma pamsana panga panali ngati ndanyamula mlendo. Tinkangolankhula za makala, za sopo, za kasitomala amene sanabwere.

Masabata atatu apitawa anachotsa malata otchinga. Njirayo ndi yoyera, yotakata moti ngolo ziwiri zikhoza kupatukirana, ili ndi zitsulo zogwirira mbali zonse ndi malo opumira pa khota lililonse. Anthu aitcha Njoka. M'mawa umenewo nditafika patsinde ndinagwada, poti bondo linazolowera. Nditatembenuka, kumbuyo kunalibe munthu. Anali atayamba kale kukwera, mapewa akugwira ntchito, mateyala akunyezimira. Ndinatsala chigwadire pamwala, manja ali kumbuyo kudikira miyendo ya munthu, ngati nkhuku yomangidwa.

Nthawi ya teni koloko anaitana mayi wa tiyi. Anamwa makapu awiri, msewu wonse wa osoka ukuonerera. Patapita kanthawi anatseka makina, osanena kanthu kwa ine, n'kulunjika pa Njoka. Anatsika mothamanga, achemwali, mpango ukuuluka. Ndinathamangira kukhoma mtima uli m'mwamba, ndikuti agunda chitsulo. Anakhota bwinobwino, ndipo ndinamva akuseka. Kuseka kumeneko ndinakumva komaliza tisanakwatirane. Ndinali nditakuiwala, moti poyamba ndinayesa ndi munthu wina.

Chiyambire tsiku limenelo sakhazikika. Apita okha ku mashopu a nsalu a kutsidya kwa msewu waukulu, poti tsopano pali powolokera pa mizere yoyera ndipo m'mphepete mwa msewu anatsitsa kuti teyala likwere. Anabwerako ndi nsalu yobiriwira ya maluwa akuluakulu, n'kundiuza pamaso pa osoka anzawo kuti, "Zaka zonsezi mumandigulira nsalu za pamaliro, ine kumangoti zikomo." Onse anaseka, ine ndinasekanso ndi mano okha. Akudziwana ndi anthu amene ine sindiwadziwa. Injiniya uja anabwera kudzawafunsa ngati chitseko cha chimbudzi chatsopano chikutseguka bwino, anakhala ola lathunthu akucheza ngati pachibale. Dzulo munthu wina wachilendo anaima pamaso panga n'kufunsa kuti, "Wonola masizasi ndinu?" Ndinati ndine. Ndi zokhazo zimene ndatsala nazo.

Ine pa Njoka sindinapondepo. Ndimakwera pa masitepe otsalawo, opapatiza ngati makwerero a nkhuku, iwo amakwera njira yawo, timakumana pamwamba ngati anthu ongodziwana. Usiku timagona chofulatirana. Ndikawerengera, mawu amene talankhulana mwezi uno sangadzaze tsamba ili.

Mudzati mlongo wanga wachitiridwa chipongwe, ndipo pamene ndimayamba kalatayi ndimafuna munene zomwezo. Ndimafuna muwalembere alamu anu, muwakumbutse kuti nkhani za m'nyumba sazitengera ku shedi ya masamba. Koma cholembera chandifikitsa pamene sindimafuna kufika, ndipo kwa inu sindinabisepo kanthu kuyambira tili ana.

Pali zimene sananene pa msonkhano paja. Kawiri pa zaka zimenezi, titakangana kunyumba, ndinafika nawo patsinde pa masitepe n'kuwasiya pomwepo. Sindinagwade. Ndinakwera ndekha, n'kuyamba kunola mipeni ngati palibe chachitika. Ulendo woyamba tinakangana za mwana wathu, pamene ankafuna kukwatiwa ndi munthu amene ine sindinkamufuna, mayi ake n'kumuikira kumbuyo. Wachiwiri sindikumbukiranso chimene tinakanganira, ndipo zimenezo ndizo zikundiopsa. Anakhala pansipo mpaka masana, dzuwa likuwawotcha, akumwetulira odutsa, akuwauza kuti akudikira kasitomala. Amuna ena anadzipereka kuwanyamula, anakana, kuti ine ndisachite manyazi. Nditatsika ndinangogwada, iwo n'kukoloweka manja, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinkati ndapambana mkangano.

Pa msonkhano paja anali ndi msika wonse m'manja. Akanangonena zimenezi, bwenzi pano ndilibe nkhope yoyenda nayo. Ananena za tiyi, za chimbudzi, za mluzu wa anyamata, n'kundithokoza pamaso pa Mulungu. Zanga anazimeza. Ndiye usiku ndimagona maso ali gwa, ndikudzifunsa kuti munthu amene ndinkamubereka uja anali ndani, nanga iye ankati waberekedwa ndi ndani. Ndikayang'ana njira yoyerayo ndimaona kuti simenti siingamusiye munthu pansi chifukwa yakwiya. N'chifukwa chake ndikuti ndichoke. Sakundithamangitsa, sanandinenepo mawu oipa, koma sindikudziwa kuti ndiziima pati m'nyumba ya munthu amene sakufunanso msana wanga.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti lumo lawo lometera ndikadzabwera ndidzalinola. Moni kwa adzukulu onse, ndi kwa mwana wanu wamkulu amene ndinamva kuti wapeza ntchito. Mundipempherere, ngakhale sindikudziwa kuti mupemphe chiyani.

Kalata zanga zonse alamu anu amalembako moni wawo m'munsi ndi dzanja lawo, ndipo ikabwera yopanda moniwo mudzadziwa kuti zinthu zafika poipa. Ndakhala pano kuyambira masana ndikuitembenuza. Kuti alembe ayenera kuigwira, akaigwira aiwerenga yonse, poti iwo sukulu anapita patali kuposa ine. Ali apo, mayadi asanu kuchokera pa benchi yanga, akupukusa makina, kapu ili pambali. Ndikupita kukawapatsa.

Ndine mlongo wanu,
Wonola mipeni.

Alamu, moni. Ndawerenga yonse, kawiri. Zondisiya patsinde pa masitepe zija sikunali kawiri, kunali kanayi, ndipo ulendo umodzi kunali mvula. Kachipindako ikanimo nkhuku, bambowa sakubwera. Pa khota lachitatu pokwera manja anga amatha mphamvu, ndimapuma nthawi yaitali ndikunamizira kuona msika. Masabata atatu ndakhala ndikudikira kuti munthu wina asiye kuyang'ana miyala aone zimenezo. Ntchito ilipo. Koma ayambe afunsa.